Mbiri ya Luso Lozoloweretsa Anthu, Monga Taliona ku Livingstone

Pamene Leopold Moore, wogulitsa mankhwala, anayamba kusindikiza nyuzi ya Livingstone Mail m'chaka cha 1906, patangopita chaka chimodzi chimalizireni mlatho wa pa Mosi-oa-Tunya, anatsata nzeru imene amalonda onse aidziwa, yakuti phindu lichokera kwa munthu wobweranso sabata ndi sabata, kufikira kubwerako kwasanduka chizolowezi. Komatu nyuziyo inali ya Azungu.

Eni nthaka anakopedwa ndi wailesi. Mu 1949 inafika wailesi yotsika mtengo yotchedwa Saucepan Special, ya mapaundi 5, ndipo pakumveka pologalamu ya Zimene Mwatifunsa kuchokera ku Lusaka, anthu amene analemba makalata opempha nyimbo ankaizinga mwakachetechete, yense mtima uli m'mwamba, osadziwa ngati dzina lake litchulidwa lero kapena tsiku lina. Pakuti palibe chokoma m'khutu la munthu choposa dzina lake, ndipo mphotho yosadziwika tsiku lake ndiyo imanga mtima kolimba.

Akatswiri a zamakono anangonola nzeru yomweyo. Mu 2006 Aza Raskin anakonza tsamba la pa intaneti lopanda mathero, mu 2009 Facebook inaika batani la Like, ndipo mu 2014 Nir Eyal analongosola njira yonse m'buku lake: foni ilire, munthu aitsegule, apeze mphotho yosayembekezeka, aikemo zithunzi ndi mawu ake, zimene zidzamuitananso mawa. Mu July chaka chomwecho Zambia inakhala dziko loyamba kulandira pologalamu ya pa foni ya Internet.org, ndipo a pa Airtel analowa pa Facebook osagula bando.

Taonani lero mayi wa pa msika wa Maramba ku Livingstone, dzanja lina likupima kapenta, lina likupalasa galasi la foni: pomwepo alandira ndalama, pomwepo amva za maliro akumudzi, pomweponso mdzukulu amuitana katatu osamva. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Nyuzi inali ndi tsamba lomaliza, wailesi inali ndi ola lotsekera, koma foni ilibe malire pokhapokha woikonza atawaika. Chifukwa chake ndinena kwa anyamata ndi atsikana athu amene aphunzira ntchito yokonza mapologalamu a pa foni, kuti ayese luso lawo poona ngati mayi wotere watsiriza msanga chimene anadzera nabwerera ku malonda ake ndi kwa ana ake, pakuti nthawi ya munthu wosauka ndiyo mpamba wake, ndipo woidya mwachinyengo ali ndi mlandu.