Nsanja ya Tesla Inagwa, Kambale Kochajira Foni Kanatsala

Pa katundu wa mafoni masiku ano pali kambale kamene mumangoikapo foni, basi yayamba kuchaja. Pa bokosi amalemba kuti wireless. Koma katembenuzeni muone kumbuyo: nthambo ilipo, ipita ku khoma monga mwa masiku onse. Chimene anachotsa ndi kagawo komaliza chabe, pakati pa kambale ndi foni, kosakwana ngakhale sentimita imodzi. Pomwe munthu amene anatchukitsa maganizo amenewa anali kulota zotumiza malaiti kuwoloka nyanja.

Maziko ake ndi akale. Mu 1831, Michael Faraday wa ku England anakulunga mawaya awiri pa mphete imodzi ya chitsulo, mawayawo osakhudzana. Atalowetsa malaiti mu waya woyamba, wachiwiri nawonso unagwira malaiti kwa kanthawi. Malaiti akamasinthasintha mu waya wokulungidwa amapanga mphamvu ya maginito, ndipo mphamvuyo imadzutsa malaiti mu waya wina umene uli pafupi. Matiransifoma amene tiona mu komboni amasewenza motere. Kambale kochajira nakonso ndi tiransifoma yodulidwa pakati, theka lili mu kambale, theka lina kumsana kwa foni.

Nikola Tesla anafuna kupita patali. Atachita zoyesayesa ku Colorado Springs mu 1899, anayamba kumanga nsanja ya Wardenclyffe ku Long Island, pafupi ndi New York, mu 1901. Inali yotalika pafupifupi mamita 57. J. P. Morgan, mwini mabanki, anaikapo madola 150,000 pofuna kuti nsanjayo izitumiza mauthenga kutsidya kwa Atlantic. Tesla anakulitsa mapulani: anafuna kuti izitumizanso malaiti kudzera mu nthaka ndi mumlengalenga. Mu December chaka chomwecho Guglielmo Marconi analengeza kuti watumiza chizindikiro cha wailesi kuwoloka Atlantic ndi zipangizo zotchipa. Morgan anakana kuonjeza ndalama, ntchito inaima, ndipo mu 1917 nsanjayo inagwetsedwa chifukwa cha nkhongole.

Pa Facebook ndi TikTok nkhaniyi amaikamba ngati kuti olemera anapha malaiti aulere. Imakoma kumva, makamaka kwa ife ogula maunits. Koma vuto lalikulu silinali Morgan. Mphamvu yotumizidwa popanda waya imamwazika, ndipo mtunda ukakula yofika kwa wolandira imachepa msanga. Onani zimene zinachitika ku yunivesite ya MIT mu 2007, patapita zaka 90 nsanja itagwa: akatswiri anayatsa babu ya mawati 60 pa mtunda wa mamita awiri, dziko lonse linawaombera m'manja, koma mphamvu yoposa theka inatayika panjira. Mamita awiri chabe!

Choncho chimene chinafika m'nyumba za anthu chinali cha Faraday, cha pafupi. Chinayamba ndi miswachi ya malaiti, imene inali kuchajidwa motere kale m'zaka za m'ma 1990, chifukwa mu bafa muli madzi ndipo zitsulo zoonekera kunja zimachita dzimbiri. Ku mafoni kunabwera Palm Pre mu 2009, ndi kambale kake kotchedwa Touchstone. Kambaleko kanali ndi maginito ogwira foni kuti ikhale pamalo oyenera. Kumbukirani zimenezi, tizipezanso kutsogolo.

Kenaka inabwera nkhondo ya makampani. Bungwe la Wireless Power Consortium linakhazikitsidwa mu 2008, ndipo mu 2010 linatulutsa muyezo wotchedwa Qi, liu la Chitchaina limene amalitchula kuti "chi". Unali kupereka mawati asanu. Nokia Lumia 920 ndi Nexus 4 anautenga mu 2012. Gulu lina, la kampani ya Powermat, linali ndi muyezo wakewake, ndipo linauika pa matebulo a mashopu a khofi a Starbucks ku America. Wogula ndiye anavutika: foni ya gulu ili sinali kuchaja pa kambale ka gulu lija. Samsung mu Galaxy S6 ya 2015 inangoika miyezo yonse iwiri. Mlandu unatha pamene Apple inasankha Qi pa iPhone 8 ndi iPhone X mu 2017. Kumayambiriro kwa 2018, Powermat nayo inalowa m'bungwe la adani ake.

Apple yomweyo inapunthwa. Mu 2017 inalonjeza AirPower, kamphasa koti muziikapo foni, wotchi ndi mahedifoni paliponse pamene mwafuna. Mu March 2019 inalengeza kuti yasiya ntchitoyo osagulitsa ngakhale kamodzi. Mawaya awiri aja amafuna kuyang'anizana bwinobwino. Akaphonyana pang'ono, mphamvu imasanduka kutentha. Yankho linabwera mu 2020 ndi MagSafe pa iPhone 12: maginito okokera foni pamalo pake, nzeru ija ya Palm, yobwezedwa patapita zaka 11. Muyezo wa Qi2 wa mu 2023 unatengera maginito omwewo, ndi mawati 15, ndipo mu 2025 anafika pa 25.

Nthawi yonseyi nthambo sinali kugona. Muyezo wa USB Power Delivery wa mu 2012 unalola mawati 100, ndipo mu 2021 anaukweza kufika pa 240. Mu muyezo umenewu chaja ndi foni zimayamba zakambirana kuchuluka kwa malaiti ofunika, ndiye chifukwa chake chaja imodzi ya USB-C ingachaje laputopu ndi foni yomwe popanda kuwotcha kanthu. Kambale kaja nakonso kamadalira chaja yotere: MagSafe yoyamba inali kufuna chaja ya mawati 20 ku khoma kuti ipereke 15 ku foni. Mukakalumikiza ku chaja yakale yofooka, kadzachaja mwaulesi.

Mu 2020 magazini ya pa intaneti ya OneZero, mothandizana ndi iFixit, inayesa foni ya Pixel 4 ndi kupeza kuti kuchaja popanda nthambo kunadya malaiti ochuluka ndi 47 peresenti kuposa kuchaja ndi nthambo. Kwa munthu amene malaiti ake sapita, imeneyo ndi nkhani yaing'ono. Ife tinaona 2024, madzi atachepa ku Kariba, malaiti akubwera maola ochepa pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Pa power bank imene mwaidzaza m'maola amenewo, kutentha kumene mumamva kumsana kwa foni ndi batire imene mukanasewenzetsa mawa.

Mafoni ambiri otsika mtengo alibe n'komwe waya wolandirira uja mkati mwake. Kwa amenewa amagulitsa kakhadi kopyapyala kobisa pansi pa kava ya foni. Kali ndi kamchira kake kafupi, kamene mumakalowetsa pa bowo lochajira n'kukasiya pomwepo.