Kodi Kanema Anafikadi ku Mzuzu mu 1999?

Mwezi wa Epulo ukayamba, pamamveka mawu omwe aja akuti Amalawi anayamba kuonera wailesi ya kanema pa 1 Epulo 1999. Tsikulo n'loona. Ndi pamene Television Malawi, imene tonse tinkangoti TVM, inayamba kuulutsa kuchokera ku Blantyre mu ulamuliro wa Bakili Muluzi. Koma limenelo ndi tsiku la nyumba youlutsira, osati la woonera wa ku Chibavi kapena ku Zolozolo mumzinda wa Mzuzu. Kwa iyeyu kanema anafika mwapang'onopang'ono, ndipo analowera khomo lina.

Tinachedwa, palibe wotsutsa. Ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, anayamba kuulutsa kanema mu 1960, ku Kitwe mu 1961, ku South Africa mu 1976. Kuno, m'zaka zonse za Kamuzu Banda, dziko linkangomvera wailesi ya MBC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1964. Za bokosi loonetsa anthu akuyankhula, ambiri ankangozimva kwa matchona obwerera kumudzi.

Vuto la kukhala kutali ndi mlongoti woulutsira kanema silinayambire kwathu. Ku America, nyumba youlutsira ya NBC inayamba kuulutsa mokhazikika mu 1939 ku New York, koma kuyambira 1948 mpaka 1952 boma linaimitsa kupereka ziphaso zatsopano, moti mzinda waukulu ngati Denver unakhala wopanda nyumba ya kanema kufikira 1952. Anthu okhala kuseri kwa mapiri a ku Pennsylvania anatopa kudikira. Anakweza milongoti pamwamba pa mapiri n'kutsitsa mawaya kupita kunyumba zawo.

Anthu a ku Mzuzu nawo sanakhale manja lende. TVM isanabadwe, vidiyo sho inali kale m'makwalala: kachipinda ka matabwa, mabenchi, nsalu yakuda pakhomo, ndi mkuzamawu panja wokopa odutsa ndi phokoso la nkhonya za Rambo ndi Bruce Lee. Mwana ankasunga tambala zake sabata yonse kuti alowe Loweruka. Ochepa opeza bwino anaika madishi a DStv. TVM itafika, madenga a ku Mchengautuwa ndi Chiputula anamera nsungwi ndi mitengo ya bulugama yonyamula eliyo. Wina ankaima panja kupotokola mtengowo, a m'nyumba akukuwa kuti, "Pomwepo! Ayi, bwererani pang'ono!" Kunyumba zopanda magetsi, batire ya galimoto inkapita kotchajitsa masana pa njinga kuti madzulo anthu aonere nkhani. Mu mzinda wa zitunda ndi zidikha ngati uno, nyumba ya pamtunda inkaona bwino pamene ya kumunsi inkangoona timadontho tokhatokha.

Kusintha kwakukulu kunabwera mayiko atagwirizana ku Geneva mu 2006 kuti pofika pa 17 Juni 2015 asiye kaulutsidwe kakale n'kulowa ka dijito. Pofika 2015, TVM inali italowa kale mu MBC, ndipo nyumba zina monga Luntha, Times ndi Zodiak zinali kutsegula zawo. Kunabwera dikoda ya Kiliye Kiliye. Ubwino wake sungabisike: chithunzi chowala, matchanelo ambiri, osapotokolanso nsungwi. Koma kaulutsidwe kakale katazimitsidwa, makomo ambiri anadzidzimuka. Mayi amene anagulitsa mbatata ndi nthochi mumsika wa Mzuzu kwa miyezi kuti agule kanema anauzidwa kuti bokosi lake lili bwinobwino, kungoti palokha silingagwirenso kanthu. Ena ankaganiza kuti lawonongeka n'kulinyamulira kwa okonza. Uthenga unalengezedwa ndithu, koma wolengeza ankayankhula za tsiku limene mayiko anagwirizana, pamene mayiyo ankawerengera ndalama ya ufa. M'dziko limene panthawiyo munthu mmodzi yekha mwa 10 aliwonse ankagwiritsa ntchito magetsi, kuwonjezera mtengo wina pa kanema kunali kuchepetsa oonera.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti zaka zonsezi Mzuzu wakhala woonerera anzake. Situdiyo ya MBC ku Kaning'ina ilipo, atolankhani aluso aliponso, koma makamera ambiri amakhala komwe kuli otsatsa malonda, ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kutumiza galimoto ndi ojambula ku Usisya kapena ku Chitipa kumadya mafuta ambiri, choncho nkhani za kumpoto zimaoneka kukagwa ngozi pa Chiweta kapena kukabwera alendo olemekezeka. Vimbuza ndi malipenga timaziona pa zikondwerero basi. Mlimi wa khofi wa ku Misuku, kapena msodzi wa ku Nkhata Bay, saoneka kawirikawiri akufotokoza yekha za ntchito yake m'chiyankhulo chake.

Achinyamata a mumzindawu, ena a iwo ophunzira a pa Mzuzu University yomwe inalandira ophunzira ake oyamba chaka chomwecho cha 1999, asiya kudikira kamera yochokera kummwera. Akujambula masewero, nyimbo ndi nkhani za m'Chitumbuka ndi m'Chitonga pa foni, n'kuziponya pa Facebook, YouTube ndi TikTok. Chowapinga tsopano ndi mtengo wa bandulo.