Matchalitchi a ku Mwanza ndi Neno

Mishoni zoyamba za dera la Mwanza zidakhazikika kumapiri a Neno, omwe adali mbali ya bomali mpaka 2003. Ansembe a chipani cha Montfort adatsegula mishoni ya Neno mu 1906, ndipo a Seventh-day Adventist adayamba ntchito ku Matandani mu 1908. M'midzi, nyumba zopemphereramo zidali zadothi, zofolera udzu. Pakati pa sabata zinkasanduka sukulu.

Malata ndi njerwa zootcha zidabwera mochedwa. Thandizo lakunja litachepa, udindo udagwera akhristu eni ake: amuna kuumba njerwa, amayi kutunga madzi, mabanja kusonkha ndalama akakolola. Kwa Akatolika, ntchitoyi idatsamira pa malimana, magulu ang'onoang'ono a mapemphero amene maepiskopi adawalimbikitsa kuyambira mu 1973. Anthu osonkhana kumva Mawu ndiwonso ankagawana ntchito yomanga.