Udindo wa khonsolo pa nyimbo zoseweredwa pagulu m'boma la Mzimba

Lamulo la umwini wa ntchito zaluso limateteza nyimbo ngati chuma china chilichonse, ndipo limakhudzanso maofesi a boma. Choncho khonsolo ya M'mbelwa, yomwe imayendetsa ntchito za boma la Mzimba, ili ndi udindo pa nyimbo zomveka m'malo ake ndi pa misonkhano yomwe imakonza.

Lamulo ndi bungwe loliyendetsa

Dziko la Malawi lidakhazikitsa lamuloli m'chaka cha 1989, ndipo mu 2016 Nyumba ya Malamulo idavomereza latsopano lomwe lidalowa m'malo mwa lakalelo. Bungwe la Copyright Society of Malawi, lodziwika kuti COSOMA, lidayamba ntchito mu 1992 ndipo likulu lake lili ku Lilongwe. Ili ndi bungwe la boma lomwe limapereka ziphaso kwa ogwiritsa ntchito nyimbo, kutolera ndalama, ndi kuzigawa kwa eni nyimbozo.

Malinga ndi lamuloli, mwini nyimbo ndiye ali ndi mphamvu yololeza kapena kukaniza kuti iseweredwe pagulu. Munthu akagula chimbale, kapena akaika nyimbo mu fulashi, wapeza mwayi womvera payekha ndi banja lake basi. Akailumikiza ku zokuzira mawu mu holo, pamsika kapena pabwalo lamasewero, nkhani imakhala ina ndipo chiphaso chimafunika. Kusalipiritsa pakhomo pakokha sikuchotsa udindowu.

Umwini umakhalapo moyo wonse wa wopeka nyimbo ndi zaka 50 iye atamwalira. Mwachitsanzo, nyimbo zomwe adapeka malemu Wambali Mkandawire, yemwe adamwalira mu 2021, zidzatetezedwa mpaka chaka cha 2071, ndipo phindu lake liyenera kupita kwa omwe adawasiyira chuma.

Komwe khonsolo imakhudzidwa

Lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidapatsa makhonsolo ntchito yoyang'anira misika, madepoti a basi, maholo ndi mabwalo amasewero. Pa chifukwachi khonsolo imakumana ndi nkhani ya nyimbo m'njira zitatu.

Njira yoyamba ndi pomwe khonsolo kapena nthambi ya boma yakonza yokha mwambo, monga chikondwerero cha ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi, chionetsero cha zaulimi, kapena msonkhano wozindikiritsa anthu za katemera pa Jenda kapena pa Embangweni. Pakakhala gulu loyimba kapena woseweretsa nyimbo, wokonza mwambowo ndiye woyamba kuonetsetsa kuti chiphaso chilipo.

Njira yachiwiri ndi pomwe holo kapena bwalo labwerekedwa kwa ena kuti achitirepo ukwati, dansi kapena phwando la zoyimba. Apa kalata ya mgwirizano iyenera kunena momveka bwino yemwe atenge chiphaso, ndipo mlembi woyang'anira malowo aone chiphasocho asanapereke makiyi.

Njira yachitatu ndi ya malonda. Laisensi ya bizinesi kapena ya mowa yomwe khonsolo imapereka kwa eni mabala, malo odyera ndi malo ogona alendo pa boma la Mzimba kapena ku Luwerezi siiphatikiza chilolezo cha nyimbo. Izi ndi ziphaso ziwiri zochokera ku maofesi awiri, ndipo ndalama za nyimbo sizilowa m'thumba la khonsolo. Otolera misonkho akamafotokozera amalonda kusiyanaku, mikangano imachepa pomwe ogwira ntchito ku COSOMA afika kudzayendera.

Nyimbo zakunja ndi magule amakolo

Anthu ambiri a ku Mzimba amapita kukagwira ntchito ku South Africa, ndipo nyimbo zakumeneko zimamveka kwambiri m'misika ya m'bomali, monganso za ku Zambia komwe bomali lidachita nako malire. Nyimbozi nazo nzotetezedwa. Malawi adalowa m'pangano la Berne mu 1991, lomwe limati ntchito za aluso a m'maiko ena a m'panganoli zitetezedwe chimodzimodzi ndi za eni dziko. Mabungwe otolera ndalamazi, monga COSOMA kuno ndi SAMRO ku South Africa, amagwira ntchito kudzera m'mapangano othandizana, ndipo njira yomweyo ndiyo imathandiza woyimba wa ku Malawi kulandira zake nyimbo ikaseweredwa kunja.

Magule ndi nyimbo zamakolo, monga ingoma ndi vimbuza, zili ndi gawo lakelake. Lamulo limati umwini wake uli m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse, ndipo sutha ndi zaka. Anthu akamavina ingoma mwamwambo ku Edingeni, kwa Inkosi ya Makosi M'mbelwa, kapena pa mwambo wa Umthetho ku phiri la Hora, akungotsata chikhalidwe chawo. Koma wofuna kujambula maguleo kuti akagulitse ayenera kupempha chilolezo. Ndipo nyimbo zamakono zikaseweredwa pa zokuzira mawu pa mwambo womwewo, zimatsata lamulo la nyimbo zina zonse.

Zoyenera kuchita maofesi

Ofesi iliyonse yokhala ndi holo kapena bwalo ilembe mndandanda wa malo ake ndi momwe nyimbo zimagwiritsidwira ntchito, kenako ifunse COSOMA mtundu wa chiphaso ndi mtengo wake. Ndalamayo iikidwe m'ndondomeko ya zachuma ya chaka, monga zimakhalira ndi magetsi ndi madzi, osati kudikira kalata yokumbutsa ngongole. Malisiti asungidwe kuti ofufuza za kayendetsedwe ka chuma cha boma akawapeze. Nkofunikanso kulemba maina a nyimbo zomwe zaseweredwa pa mwambo, popeza mndandanda wotere umathandiza kuti ndalama zifike kwa eni ake enieni.

Wophwanya lamuloli akhoza kusumiridwa kukhoti ndi kulamulidwa kupereka chipukutamisozi, ndiponso akhoza kuimbidwa mlandu. Kwa khonsolo, ndalama yotere imachoka m'thumba lomwe likadakonzera misika ndi misewu. Komanso nkovuta kuti ofesi yomwe imatolera misonkho kwa amalonda iwauze za kutsata malamulo pomwe holo yake ilibe chiphaso.