Chipewa cha Dzino: Cha Lero Lomwe Kapena cha ku Labu?

Ambiri a ife tinakula tikudziwa mankhwala amodzi okha a dzino lovuta, omwe ndi kulizula. Likabooka n'kuyamba kusowetsa tulo, munthu ankapita kuchipatala atagwira tsaya, n'kubwerako ataluma thonje. Zinthu zayamba kusintha. Ku Blantyre maphunziro a udokotala wa mano anayambika mu 2019, ndipo m'makiliniki a m'tauni, komanso kwa abale athu okhala ku Johannesburg, ku Lusaka kapena ku Manchester, kukumveka mawu ena: "Dzinoli tikhoza kulisunga, mayi, koma lifunika crown." Kumalo kumene kuli makina ake, funso lina limatsatira pomwepo: "Mukufuna ya lero lomwe kapena yopangidwa ku labu?" Munthu ali chagada pampando, mlomo uli dzanzi, sangayankhe mwanzeru funso limene mawu ake sakuwadziwa. Ambiri amangosankha poyang'ana masiku ndi mtengo, pomwe zimene zimachititsa kuti ntchitoyo ikhalitse zagona m'mawu ena anayi kapena asanu amene dokotala amangowatchula modutsa.

Crown ndi chipewa cholimba chimene chimaphimba mbali yonse ya dzino yooneka pamwamba pa nkhama. Chimasiyana ndi filling. Filling imatseka bowo ndipo dzino ndi limene limaigwira, pomwe chipewachi n'chimene chimagwira dzino kuti lisang'aluke. Amaveka dzino limene lachita mng'alu, limene bowo lake lakula moti makoma otsala apyapyala, kapena lakumbuyo limene alichotsa mtsempha pa ntchito ija amati root canal. Kuti chipewa chilowe, dokotala amasema dzino mbali zonse, ndipo pamwamba potafunira amachotsa mamilimita 1.5 mpaka 2 ngati chipewacho n'cha seramiki. Kusemaku amakutcha prep. Njira zonse ziwiri zimayambira pamenepa, ndipo chimene chasemedwa sichimeranso. Choncho funso loyamba lisakhale la makina. Funsani kaye ngati dzinolo likufunikadi chipewa chathunthu, chifukwa nthawi zina onlay, yomwe imangophimba pamwamba n'kusiya makoma abwino, imakwanira.

M'njira yakale, akatha kusema amatenga impression, kutanthauza chikombole cha mano. Amathira phala la silikoni m'kathireyi kokhota ngati nsagwada, n'kukulumitsani kwa mphindi zingapo mpaka liume. Anthu ena nseru imawapeza pamenepa. Chikombolecho chimapita ku labu kwa mmisiri wa mano, munthu amene odwala ambiri samuona n'komwe ngakhale kuti ndiye amaumba dzino limene adzatafunire zaka zambiri. Iye amathira pulasitala m'chikombolemo n'kupeza chifanizo cha m'kamwa mwanu, ndipo amagwirira ntchito pachifanizocho. Luso limeneli ndi lakale. Charles Land wa ku Detroit anayamba kuveka mano zipewa za porcelain chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo mu 1907 William Taggart anafalitsa njira youmba kaye dzino la phula, kulikuta, kusungunula phulalo n'kuthira chitsulo chosungunuka m'malo mwake. Cha m'ma 1960 kunabwera PFM, chipewa chokhala ndi chitsulo mkati ndi porcelain kunja, chimene chinalamulira ntchitoyi kwa zaka makumi angapo. Mukaona munthu ali ndi kamzere kakuda m'mphepete mwa nkhama pa dzino loyera bwinobwino, kawirikawiri n'chitsulo cha PFM chimene chaonekera nkhama itabwerera m'mbuyo.

Podikira labu, zomwe zimatenga milungu iwiri kapena itatu, dzino losemedwa silingakhale pamtunda. Amaliveka temporary, kachipewa kongoyembekezera kapulasitiki, komatidwa ndi simenti yofooketsa dala kuti kadzachoke mosavuta. Anthu amakada kachipewaka, ndipo sitingawanene. Kamasomphoka ndi chingamu, kamasweka ndi chimanga chokazinga, ndipo za nzimbe ndiye iwalani. Koma kali ndi ntchito: kamateteza dzino kuti lisamve madzi ozizira, kamaletsa mano oyandikana nalo kusendera, ndipo kamapereka mpata woona ngati dzino lokayikitsa likhazikike. Dzino likayamba kupweteka mkati mwa milunguyi, dokotala amangochotsa kapulasitiki n'kulowa. Likayamba kupweteka chipewa chenicheni atamata kale, amafunika kuboola seramiki yatsopano imene mwangolipira kumene.

Njira ya tsiku lomwelo imadziwika ndi dzina la CAD/CAM, kutanthauza kujambula chinthu pa kompyuta ndi kuchisema ndi makina olamulidwa ndi kompyutayo. Dokotala wa ku France, François Duret, ndi amene anayamba kulemba za kugwiritsa ntchito zimenezi m'kamwa cha m'ma 1970. Mu 1985, ku yunivesite ya Zurich, Werner Mörmann ndi injiniya Marco Brandestini anathandiza wodwala woyamba ndi makina awo otchedwa CEREC, omwe pa nthawiyo ankangosema tizigamba totsekera mabowo. Zipewa zathunthu zinadzabwera m'ma 1990. CEREC ndi dzina la malonda chabe, panopa la kampani ya Dentsply Sirona, ndipo aliponso makina a makampani ena monga Planmeca ya ku Finland.

M'malo mwa phala, dokotala amayendetsa kakamera konga cholembera chonenepa pamwamba pa mano, ndipo nsagwada yanu imaonekera pa sikirini pang'onopang'ono. Amajambula dzino latsopano pomwepo, n'kuika kabuloko ka seramiki kochepa ngati switi m'makina. Timisomali tiwiri ta dayamondi timasema kabulokoko madzi akuwaza, ndipo pakatha mphindi 10 mpaka 20 chipewa chimagwa. Ngati kabulokoko n'ka lithium disilicate, imene ambiri amaidziwa ndi dzina lamalonda loti e.max, chipewacho chimatuluka chabuluu wopita ku pepo. Musadzidzimuke akachiyesa m'kamwa chili choncho. Chimakhala chisanapse. Akachiotcha mu uvuni pa madigiri pafupifupi 850 kwa mphindi 20 kapena kupitirira pang'ono, chimalimba n'kusanduka mtundu wa dzino. Ntchito yonse imatha m'maola awiri kapena atatu, jakisoni wa dzanzi kamodzi, popanda temporary.

Apa pali chinthu chimene otsatsa malonda amachisokoneza. Kunena kuti chipewa n'cha tsiku lomwelo sikunena kuti chapangidwa ndi chiyani. Lithium disilicate ndi galasi losakaniza ndi timiyala tosaoneka ndi maso, ndipo kuwala kumalowamo ngati mmene kumalowera m'dzino lenileni. Zirconia ndi yolimba kuposa pamenepo kawiri kapena kuposa, chifukwa mitundu yake yolimbitsitsa imafika ma megapascal 1,000, koma mitundu imeneyo imaoneka yoyera mbuu, yosalowa kuwala. Amaisema idakali yofewa ngati choko ndiponso yokulirapo, popeza ikapsa pa madigiri pafupifupi 1,500 imanyala ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Kale kuotcha kumeneku kunkatenga maola ambiri, n'chifukwa chake zirconia inali ya ku labu yokha. Mauvuni atsopano amatha ntchitoyi pasanathe ola. Golide ndi PFM zikadali za ku labu. Golide ena amamuona ngati wachikale kapena wodzionetsera, koma kwa munthu wokukuta mano usiku palibe chomuposa: saphwanyika, sadya dzino loyang'anizana nalo, ndipo safuna kusema kwambiri.

Mawu enanso awiri ndi monolithic ndi layered. Chipewa cha monolithic chimasemedwa kuchokera ku buloko imodzi, pomwe cha layered chimakhala ndi chimango cholimba mkati ndipo mmisiri amapakapo porcelain ndi kabulashi, kuotcha, kupakanso. Chopakidwacho chimakongola koma chimatha kubenthuka pamwamba. Cha buloko imodzi sichibenthuka wamba.

Liwu lofunika kuposa onse ndi margin, mzere umene chipewa chimakumanirana ndi dzino. Seramiki siola, koma dzino lili pansi pake limaola, ndipo tizilombo timalowera pamzere umenewu. Mu 1971 akatswiri ofufuza awiri, McLean ndi von Fraunhofer, anapeza kuti mpata wa pamenepa usamapitirire ma micron 120, omwe ndi ochepera timatsitsi tiwiri togundizana, ndipo madokotala akugwiritsabe ntchito muyezo umenewu. Makina abwino amakwanitsa zimenezi, mmisiri waluso amakwanitsanso. Vuto limabwera mzerewo ukalowa pansi pa nkhama, monga zimachitikira dzino likaolera cha kumunsi. Kamera imajambula zokhazo zimene ikuona. Ikapeza magazi, malovu kapena nkhama yophimba mzere, kompyuta imangolumikiza pamene yaganiza. Dokotala wosamala amayamba walowetsa kaulusi kopyapyala pakati pa dzino ndi nkhama, kozungulira dzino lonse, kuti nkhama ifutukuke pang'ono ndipo magazi aleke. Phala nalonso limaonongeka ndi magazi, komabe limakankhika n'kulowa m'kampata kamene kuwala sikufika, n'chifukwa chake madokotala ambiri amabwerera ku chikombole chakale mzere ukakhala wakuya. Ubwino wa kamera ndi woti dokotala amakulitsa chithunzi pa sikirini n'kuona cholakwa wodwala asananyamuke. Mukhoza kupempha kuti akuonetseni mzerewo.

Pafupi ndi margin pali ferrule, khoma la dzino lenileni lotsala pamwamba pa mzerewo, limene chipewa chimalikumbatira. Limafunika kukhala lotalika mamilimita 1.5 mpaka 2 kuzungulira. Ngati dzino linathyokera m'munsi, dokotala amatha kuzika kamtengo mumuzu n'kumangapo, zimene amazitcha post and core, koma popanda khoma lenilenilo zimakhala ngati kukhoma malata atsopano pa chipupa chogumuka. Pamenepa zilibe kanthu kuti chipewa chachokera ku labu kapena m'makina.

Pa nkhani ya mtundu, omwe madokotala amati shade, labu ikadali patsogolo. Dokotala amatenga kabolodi kokhala ndi timano toyerekezera 16, kuyambira A1 mpaka D4, ka kampani ya VITA, n'kumaika kamodzikamodzi pafupi ndi dzino lanu. Koma dzino lakutsogolo silikhala la mtundu umodzi. Cha kunkhama limaderako, pakati limayera, kunsonga limaonekera kuwala ngati galasi. Anthu amene anakulira m'madera amene madzi a m'mijigo ali ndi fluoride wochuluka amakhala ndi mawanga oyera kapena ofiirira, ndipo dzino limodzi loyera mbee pakati pa amenewa limaonekera patali. Alipo mabuloko okhala ndi mitundu ingapo, ndipo dokotala waluso amatha kupaka utoto chipewa chisanalowe mu uvuni, koma kufananitsa dzino limodzi lakutsogolo ndi linzake ndi ntchito imene ngakhale amisiri amaibwereza kawiri.

Asanamate, dokotala amaika kapepala kabuluu pakati pa mano n'kunena kuti, "Lumani, bambo. Tsopano kukutani uku ndi uku." Madontho otsala amasonyeza pamene chipewa chatalika. Mukamva kuti dzinolo likuyamba kugunda anzake asanafike, nenani pomwepo, kapena bwererani dzanzi likatha. Silizolowereka lokha.

Malire a njira ziwirizi akufufutika. Malabu ambiri masiku ano amasema ndi makina omwewo, ndipo dokotala akhoza kujambula ndi kamera n'kutumiza chithunzi ku labu pa intaneti, osakulumitsani phala. Kusiyana kwatsala n'kwakuti ndani akuumba dzinolo, ndipo ali ndi nthawi yochuluka bwanji: dokotala amene odwala ena akumudikira pabenchi, kapena mmisiri amene ntchito yake ndi yokhayo. Kumbukiraninso kuti amene anagula makina okwera mtengo amafuna kuti azigwira ntchito, ndipo amene alibe amatamanda labu. Onse ndi anthu.

Ngati dzino ndi limodzi, lakumbuyo, mzere wake uli pamwamba pa nkhama, ndipo mwachokera kutali monga ku Mzimba kapena ku Nsanje moti ulendo wachiwiri ndi ndalama zina, chipewa cha tsiku lomwelo n'chabwino ndipo musachiope. Ngati ndi lakutsogolo, kapena mano ndi angapo, kapena laolera pansi pa nkhama, kapena likukayikitsa ngati mtsempha wake uli bwino, pirirani ndi temporary milungu iwiriyo, ntchitoyo ipite ku labu.