Nthambo Zimadutsa pa Kabwe, Koma Pakhomo Pamafika Mphepo

Kabokosi kotchedwa cable modem sikavuta kulumikiza. Nthambo yonenepa ya coaxial, yokhala ndi kawaya kamodzi ka mkuwa pakati, imatuluka pakhoma n'kumangidwa kumbuyo kwa kabokosiko. Nthambo ina imachoka pamenepo kupita ku rauta kapena ku kompyuta. Mwini nyumba akayatsa, timagetsi takutsogolo timaphethira kwa mphindi zingapo pamene modemu ikusakasaka njira yolandirira ndi yotumizira uthenga. Kampani ikalemba nambala ya kabokosiko m'kaundula wake, timagetsi timakhazikika, basi intaneti yalowa m'nyumba. Umu ndi momwe mabanja mamiliyoni ambiri ku United States, Canada, Netherlands ndi Belgium anapezera intaneti yothamanga.

Koma munthu wa ku Bwacha, ku Chowa kapena ku Highridge m'tauni ya Kabwe ku Zambia, atati m'bale wake wa kunja wamutumizira kabokosi kameneka, angasowe pokalumikiza. Nthambo ya coaxial ilipo ndithu m'nyumba zambiri, koma imachoka pa dikoda n'kukathera padenga, pa dishi ya DStv kapena pa eriyo ya GOtv ndi TopStar. Siituluka kupita kumsewu. Palibe mzere wa nthambo zotere woyenda nyumba ndi nyumba mpaka kukafika ku siteshoni ya kampani, ndipo popanda mzere umenewo cable modem ndi chitsulo chabe.

Kumene inabadwira, modemu imeneyi inapeza njira yolambulidwa kale. Cha m'ma 1948 anthu a m'matauni obisika ndi mapiri ku Pennsylvania ndi ku Oregon anayamba kuimika eriyo imodzi pamwamba pa phiri kapena pa nyumba yayitali, n'kukoka nthambo kutsikira kwa aliyense wofuna kuonera TV. Ntchitoyi inakula kwa zaka 40 mpaka nthambo zinafika m'misewu yambiri ya m'mizinda. Intaneti itabwera, akatswiri anangoona kuti nthambo yonyamula zithunzi ingathenso kunyamula uthenga wa makompyuta, ndipo mu 1997 bungwe la CableLabs linatulutsa muyezo wa DOCSIS kuti modemu za makampani osiyanasiyana zizimvana. Ndalama zokumbira ndi zokokera mawaya zinali zitalipidwa kale ndi oonera TV.

Kabwe anayenda njira ina, ngakhale kuti nthambo anazidziwa kale kuposa matauni ambiri a m'chigawo chino cha Africa.

Mu 1902 munthu wofufuza miyala dzina lake T. G. Davey anapeza mtovu ndi zinki pamalopa, n'kuwatcha Broken Hill potengera mgodi wina wa ku Australia. Njanji yochokera kumwera inawoloka Zambezi pa mlatho wa Victoria Falls mu 1905, ndipo mu 1906 inafika pa Broken Hill. Pambali pa njanji panali mizati ya telegalafu, chifukwa sitima siiyenda popanda masiteshoni kuuzana kuti njira ili bwino. Nthambo inayo yotchuka, ya kampani ya Cecil Rhodes imene inkafuna kulumikiza Cape Town ndi Cairo, inadzera kum'mawa: Tete, Blantyre, Nkhotakota, Karonga mpaka Abercorn, yomwe lero ndi Mbala. Motero pakati pa dzikoli, amene anabweretsa waya ndi anthu a njanji.

Zinthu zinkabwera msanga pa Broken Hill. Mu 1925 anatsegula malo opangira magetsi pa mtsinje wa Mulungushi, amodzi mwa malo oyambirira otere mu Africa muno, ndipo magetsiwo anali a mgodi. Mu 1932 ndege za Imperial Airways zoyenda pakati pa London ndi Cape Town zinayamba kutera pano zitanyamula makalata. Mkulu wa mgodi ankatha kudziwa mtengo wa mtovu ku London popanda kudikira masabata. Koma mawaya onsewa, a telegalafu, a lamya ndi a magetsi, ankathera ku ofesi ya mgodi, ku siteshoni, ku boma ndi kumayadi kwa azungu. Wantchito wa m'komboni akafuna kuuza akwawo ku Petauke kapena ku Kasama kuti kwagwa maliro, ankapita ku positi ofesi kukalemba telegalamu, n'kumawerenga mawu amodziamodzi popeza liwu lililonse linali ndi mtengo wake.

Chimene chinayamba kulowa m'nyumba za anthu akuda sichinadzere pa waya. Mu 1949 kunabwera kawailesi ka batire kotchedwa Saucepan Special, kopangidwa ndi kampani ya Ever Ready ku Britain atalimbikira nkhaniyi Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, yomwe lero ndi Zambia. Kankagulidwa mapaundi 5. Sikankafuna magetsi a m'khoma kapena chilolezo cha kampani ya mgodi. Munthu ankangokoka kawaya ka eriyo pamtengo n'kumamvera siteshoni ya ku Lusaka m'Chinyanja, m'Chibemba ndi m'zinenero zina. Amene akufuna kumvetsa intaneti ya lero m'komboni ya Makululu ayambire pa kawailesi kameneka, chifukwa dongosolo lake silinasinthe kwenikweni: waya kwa kampani, mphepo kwa anthu.

TV nayo inabwera choncho. Inayambira ku Kitwe mu 1961, ndipo boma litaitenga pambuyo pa ufulu wa 1964 linaifalitsa ndi milongoti. Tauni itasintha dzina kukhala Kabwe, mabanja ogula TV ankaimika eriyo pa chitsulo chachitali kapena pa nsungwi, mwana n'kumaitembenuza panja mpaka a m'nyumba akuwe kuti chithunzi chaoneka. Kwa zaka zambiri siteshoni inali imodzi yokha, ndiye panalibe chogulitsa pa nthambo. Mwayi wosankha utabwera m'zaka za m'ma 1990, unabwera ndi setilaiti ya MultiChoice, ndipo mu 2011 Zambia inakhala dziko loyamba kulandira GOtv, yomwenso imadzera mumlengalenga. Nyengo yonse ya TV ya pa nthambo inamudutsa Kabwe osaima.

Waya wa mauthenga wokhawo umene unafika m'nyumba zina unali wa lamya, wa bungwe la boma la Posts and Telecommunications Corporation, limene aliyense ankangoti PTC. Nambala za Kabwe zinkayamba ndi 05, zisanasinthe kukhala 0215. Kukhala ndi lamya pabalaza kunali chizindikiro cha ulemu, ndipo oyandikana nawo ankapereka nambala yomweyo kwa abale awo. Mayina a odikira kulumikizidwa ankakhala m'kaundula kwa zaka. Pofika mu 2000, dziko la anthu pafupifupi 10 miliyoni linali lisanafike pa malamya a m'nyumba ndi a m'maofesi 100,000, ndipo ochuluka anali ku Lusaka ndi ku Copperbelt.

Chaka cha 1994 ndicho chinagamula zambiri. PTC inagawidwa pawiri, Zamtel ya malamya ndi Zampost ya makalata. Mu November chaka chomwecho kampani ya ZAMNET, yobadwira ku University of Zambia, inalumikiza dzikoli ku intaneti yeniyeni kudzera pa nthambo yobwereka yopita ku Cape Town. Izi zisanachitike, kuyambira mu 1991, ogwira ntchito ku yunivesiteyo motsogozedwa ndi Mark Bennett ankatumiza ndi kulandira maimelo pa FidoNet, kompyuta ikuimbirana ndi inzake ya ku Rhodes University ku South Africa pa nthawi zoikika. Zambia inakhala pakati pa maiko oyambirira mu Africa kukhala ndi intaneti, ndipo ndi chinthu choyenera kunyadira, chifukwa anachichita anthu ochepa okhala ndi zida zochepa.

Koma m'chaka chomwecho cha 1994, kampani ya migodi ya ZCCM inatseka mgodi wa Kabwe.

Ntchito zinatha, n'kutsala mtovu m'dothi la Kasanda, Chowa ndi Makululu, umene mpaka lero ukuvulaza ana. Zambia Railways, yomwe likulu lake lili m'tauni ino, inayamba kuchepetsa antchito, ndipo mu 2003 njanji inaperekedwa kwa kampani yapadera, boma n'kudzailanda mu 2012. Fakitale ya nsalu ya Mulungushi Textiles inaima mu 2007. Ndiye kuti zaka zimene makampani a kunja ankasandutsa nthambo za TV kukhala za intaneti ndi zomwe Kabwe ankataya malipiro a mwezi ndi mwezi, amene ndiwo amachititsa kampani kulimba mtima kukumba ngalande m'misewu. Palibe wamalonda akanakoka nthambo kupita ku khomo limene mwini wake wangolandira kalata yomuchotsa ntchito.

Amene anali ndi lamya ndi kompyuta, monga mamishoni, mabungwe othandiza anthu, masukulu ena ndi amalonda a m'tauni, anayamba ndi modemu yoimba. Inkalira mokwetekera kwa kanthawi pogwirizana ndi inzake ya kutali, kenako phee. Liwiro lake linkachokera pa 14.4 kufika pa 56 kilobits pa sekondi nthambo ikakhala yabwino, ndipo nthawi ya mvula nthambo sizinkakhala zabwino. Munthu akakhala pa intaneti lamya inkatsekeka, wina akanyamula chomverera m'chipinda china zonse zinkaduka. Zopweteka kwambiri zinali ndalama: kupatula za ZAMNET, CopperNet kapena Zamtel Online, panali bilu ya lamya yowerengera mphindi iliyonse, ndipo wokhala kutali ndi makina a kampaniyo ankalipira ngati akuimba foni ya kutali. Anthu anaphunzira kulemba maimelo onse asanalumikize, kutumiza mwamsanga, n'kudula. Ena onse anakumana ndi intaneti koyamba m'makafe a m'tauni, kulipira mphindi 15 kapena 30 kuti atsegule Yahoo kapena Hotmail.

Pambuyo pake Zamtel inabweretsa ADSL, yomwe imayenda pa waya womwewo wa lamya osatsekereza kuimba. Iyi ndiyo inafanana kwambiri ndi cable modem pa zonse zimene Kabwe anaonapo: kabokosi kokhala pa tebulo, koyaka usana ndi usiku. Koma inafika mochedwa, pa mawaya okalamba, ofika m'nyumba zochepa. Akuba nawo ankadula nthambo za mkuwa kukagulitsa kwa ogula zitsulo, dera lonse n'kukhala duu kwa masiku. N'zomvetsa chisoni kuti m'tauni imene sitima zodzaza mkuwa zakhala zikudutsa kwa zaka pafupifupi 100, waya wa mkuwa wofika pakhomo unasowa woukoka ndi woulondera.

Foni ya m'manja sinadikire zonsezi. Telecel, imene MTN inagula mu 2005, ndi Zamcell, yomwe inasanduka Celtel, kenako Zain mu 2008 ndi Airtel mu 2010, anaimika milongoti m'mbali mwa njanji ndi msewu wa Great North, ndipo Kabwe, pokhala makilomita pafupifupi 140 kumpoto kwa Lusaka panjira ya ku Copperbelt, sakanadumphidwa. Mlongoti umodzi unkafikira nyumba zikwi popanda kukumba paliponse, ndipo munthu ankagula talk time ya ndalama imene ali nayo tsiku limenelo, popanda bilu ya kumapeto kwa mwezi. Kenako kunabwera kamodemu kolowetsa pa laputopu kamene anthu amati dongle, kenako MiFi, kenako rauta ya 4G. Mu July 2014 Facebook inasankha Zambia kukhala dziko loyamba kuyesera pulogalamu yake ya Internet.org mogwirizana ndi Airtel, ndipo achinyamata ambiri analowa pa intaneti koyamba kudzera pa khomo lopapatiza limenelo.

Nthambo zazikulu sizinasiye kudutsa. Mzere wa magetsi wa 330 kV wochokera ku Kariba kupita ku Copperbelt umadzera pa Kabwe, ndipo kampani ya magetsi ya ZESCO itayamba kumanga faiba pamwamba pa mizati yake m'zaka za m'ma 2000, inatsata njira yomweyo. Zamtel ndi Liquid anayalanso zawo. Popeza Zambia ilibe nyanja yamchere, faiba imeneyi imapita kumalire kukakumana ndi ya maiko oyandikana nawo, n'kukafika ku nthambo za pansi pa nyanja monga SEACOM ya 2009, EASSy ya 2010 ndi WACS ya 2012. Oyamba kupindula m'tauni muno anali mabanki, maofesi a boma, milongoti ya mafoni ndi masukulu aukachenjede. Mulungushi University, yokhazikitsidwa mu 2008, inali m'gulu la mayunivesite atatu oyamba kulumikizidwa ndi ZAMREN, netiweki ya masukulu aukachenjede ndi ofufuza, pamodzi ndi University of Zambia ndi Copperbelt University.

Lero kukhazikitsa intaneti pakhomo ku Katondo kapena ku Ngungu kumayambira pa shopu ya kampani ya mafoni, chiphaso cha unzika cha NRC chili m'manja polembetsa SIM kadi. Kunyumba, ntchito yaikulu ndi kusaka malo amene netiweki imagwira bwino, kawirikawiri pawindo loyang'ana kumene kuli mlongoti. Mwana wa sukulu ndiye amasintha pasiwedi yolembedwa kunsi kwa rauta, n'kuphunzitsa akuluakulu kugula bandulo ndi mobile money. Kuipa kwa njirayi kunaonekera masukulu atatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha COVID-19: ophunzira a pa Kwame Nkrumah University ndi Mulungushi anafunika kumvera maphunziro pa mabandulo amene amatha kanema asanathe. Cable modem ndi faiba nthawi zambiri amalipiritsa pamwezi mosawerengera kwenikweni. Bandulo imawerengera chilichonse, ndipo wosauka ndiye amagula yaing'ono yokwera mtengo.

Starlink italoledwa n'kuyamba ntchito m'Zambia mu October 2023, mafamu ozungulira Kabwe ndi mabizinesi ena anapeza njira yachitatu, nayonso yochokera kumwamba, ya mtengo umene banja la m'komboni silingaufike lokha. Chaka chotsatira chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumazima maola 17 kapena kuposerapo patsiku. Milongoti ya mafoni inadalira mabatire ndi majenereta, netiweki n'kumafooka mafutawo akachepa, ndipo mabanja ofuna kuti rauta isazime anawonjezera pa bajeti yawo power bank, kabatire kapadera ka rauta kapena sola yaing'ono ya padenga.