Kalulu wa kwa Chikwa: Msampha, Khola ndi Kamera

Kwa Mfumu Chikwa, m'chigwa cha Luangwa, Asenga anamudziwa kalekale kalulu: kathyali m'nthano, ndiwo pa nsima. Tchire likapsa, anyamata ankamusaka ndi agalu kapena kumutchera khwekhwe panjira yake. Pofuna kuchepetsa misampha yotere, bungwe la COMACO, lomwe linayamba mu 2003, lakhala likulandira mawaya a misampha kwa alimi a m'chigwachi, n'kumagula mpunga wawo.

Kalulu wa m'khola ndi mlendo. Makolo ake ndi a ku Spain ndi France. Ana ake amabadwa opanda ubweya, maso ali otseka, pomwe a kalulu wa kutchire amabadwa akupenya.

Masiku ano ena amamugoneka chagada kalulu wa m'kholayu kuti amujambule, chithunzi chikaseketse anthu pa Facebook. Akangoti zii, iwo amati wagona tulo, chonsecho wauma ndi mantha. Musamugoneke choncho, ndipo musamunyamule pogwira makutu.